Mwana wa Mnzako Ngwako Yemwe

Mwezi wa Novembala ndi mwezi umene Mpingo udapatula kuti tizikumbukira abale athu amene adatsogola. Timauyamba ndi chaka cha Oyera Onse, ndipo m'maŵa mwake timapita kumanda kukapempherera mizimu ya ku Purigatorio. Kwathu kuno ku Dedza ndi mwezinso woyang'ana kumwamba, pakuti mizere imakhala itatha, mbewu zili m'nyumba, aliyense akungodikira mvula. M'banja mwathu, chaka cha 2018, mweziwu tidadikiramo chinthu china choŵaŵa kuposa mvula, ndipo zimene tidaphunzira pa masiku anayi a kudikirako tati tikambirane nanu, makamaka inu amene muli ndi mwana, mwamuna kapena mlongo wovala yunifomu.

Mphwathu, mzime m'nyumba mwa mayi athu, ndi msilikali. Chaka chimenecho adali m'gulu la asilikali a Malaŵi amene adatumizidwa kummaŵa kwa dziko la Democratic Republic of Congo kukasungitsa mtendere pansi pa bungwe la United Nations. Gulu limenelo lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2013, ndipo mudali asilikali a mayiko atatu: South Africa, Tanzania ndi Malaŵi. Lidasiyana ndi magulu ena osungitsa mtendere chifukwa lidapatsidwa mphamvu zotsata zigaŵenga kumene zabisala ndi kumenyana nazo. Ife kumudzi kuno zimenezi sitidazimvetse bwino. Tidangogwira mawu akuti mtendere, nkumaganiza kuti munthu wopita kukasungitsa mtendere ntchito yake ndi kuima pamsewu ndi kulondera misika.

Atatiuza kuti ali kufupi ndi mzinda wotchedwa Beni, mayi athu adaseka. Iwo Beni amene ankamudziŵa ndi gule wa anzathu a ku Mangochi ndi ku Machinga, uja amavina atavala ngati asilikali, akuguba motsanzira perete. Adati, "Ngati ndi ku Beni, ndiye kuti mwana wanga wapita kukavina." Kuseka kumeneko sikudakhalitse. Mu Ogasiti chaka chomwecho kudabuka matenda a Ebola m'chigawo cha North Kivu, ndipo Beni adali pakati penipeni pa mliriwo. Kuyambira pamenepo mantha athu onse adali pa matenda. Tikamalankhula naye pa lamya tinkangomuuza za kusamba m'manja ndi kusagwirana chanza, za mfuti osazitchula nkomwe.

Lamulungu la pa 11 Novembala lidali tsiku la Martin Woyera wa ku Tours, msilikali uja adang'amba mwinjiro wake pakati nagaŵirako wosauka wozizidwa. Lidalinso tsiku lokwanitsa zaka 100 chithere nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo pa wayilesi padamveka malipenga a mwambo wokumbukira asilikali amene adafera kunkhondo. Madzulo ake mayi athu adatisimbiranso nkhani imene tidaimva kambirimbiri, ya bambo awo, agogo athu, amene adali msilikali wa King's African Rifles nakamenya nkhondo ku Burma m'chaka cha 1944. Adati agogo aakazi ankatha miyezi osalandira kalata, ndipo ikafika ankayenda nayo ulendo wa tsiku lathunthu kupita kumishoni kuti aphunzitsi akaŵaŵerengere. Ife tidati masiku ano zinthu nzosavuta, popeza lamya ili m'thumba. Mayi athu sadayankhe.

Lachinayi pa 15 Novembala, dzuŵa litapendeka, mlamu wathu, mkazi wa mphwathuyo, adafika akuthamanga, mwana ali kumbuyo, nsapato zili m'manja. Adangotipatsa lamya osanena kanthu. Uthenga udali wakuti dzulo lake, Lachitatu, asilikali osungitsa mtendere pamodzi ndi asilikali a boma la Congo adaloŵa m'nkhalango ya kufupi ndi Beni kukathamangitsa zigaŵenga za ADF, ndipo kudachitika nkhondo yoopsa. Uthenga woyambawo udati asilikali 6 a Malaŵi ndi mmodzi wa ku Tanzania aphedwa, ndipo ena 10 avulala. Maina sadatchulidwe, pakuti mwambo ndi wakuti achibale ayambe auzidwa. Tidaimba lamya ya mphwathu. Sidapezeke. Tidaimbanso, tidaimbanso, mpaka moto wa m'lamyamo udatha.

Amene sadadikirepo uthenga wotere sangadziŵe kutalika kwa usiku. Nsima idaphikidwa, koma idagona m'mbale. Galu akauwa tinkadzidzimuka tonse. M'maŵa mwa Lachisanu galimoto ina idakhota pamsewu wa fumbi wobwera kumudzi kwathu, ndipo mlamu wathu adangoti khu pansi, miyendo itamuthera mphamvu. Idali galimoto ya ogula mbatata. Anthu okonda kufalitsa zimene sadazione nawonso sadagone: wina adati wamva kuti ophedwa ndi makumi atatu, wina adatumiza chithunzi cha mitembo chimene pambuyo pake tidazindikira kuti chidali cha nkhondo ina ya kale. Lamya ija tinkainyadira idasanduka mkondo m'manja mwathu. Tidazindikira kuti agogo athu, ngakhale ankadikira nthaŵi yaitali, ankadikira mwabata, pamene ife tinkalasidwa ola lililonse.

Akhristu a mu Mphakati wathu adamva, ndipo Lachisanu madzulo adabwera osaitanidwa. Amayi adasenza nkhuni ndi ufa, abambo adakhala pa khonde. Kunena zoona, poyamba kubwera kwawo kudatiopsa, pakuti kudaoneka ngati kusonkhana kwa pa siwa. Koma atsogoleri a Mphakati, bambo achikulire odekha, adatiuza kuti, "Sitidabwere kudzalira. Tabwera kudzadikira nanu, pakuti mutu umodzi susenza denga." Adayatsa kandulo patsogolo pa chithunzi cha Mtima Woyera wa Yesu chimene chili pa khoma la mayi athu, ndipo tidagwada pa mphasa kuyamba Korona. Popeza lidali Lachisanu, tidalingalira za masautso a Ambuye, kuyambira m'munda wa Getsemani mpaka pa Kalvario.

Tivomere pano pemphero limene lidali m'mitima mwathu usiku umenewo. Milomo inkanena Tikuoneni Maria, koma mtima uliwonse unkangobwereza mawu aŵiri okha: asakhale wathu, asakhale wathu. Tidalonjeza zambiri kwa Mulungu. Mmodzi mwa ife adalonjeza kusiya mowa, wina adalonjeza kubwerera ku masakramenti amene adaŵasiya zaka zapitazo, wina adalonjeza mbuzi ku tchalitchi. Tinkachita ngati tili pamsika, tikunenerera mtengo wa moyo wa mbale wathu.

Titamaliza Korona, atsogoleri adapempha mayi athu kuti apereke pemphero lawo. Adayamba ndi mawu onjenjemera: "Ambuye, mwa ana asanu ndi mmodzi aja, wanga asakhalepo." Adakhala chete nthaŵi yaitali, kotero kuti tidaganiza kuti akomoka. Kenaka adadzutsa mutu, natembenukira kwa ife ana awo, nati, "Ananu, tandiuzani. Ndikamati asakhale wanga, ndiye kuti akhale wa yani?"

Palibe adayankha. Funso limenelo lidatigwera ngati mwala. Chiŵerengero chidali chitanenedwa kale, ana asanu ndi mmodzi a Malaŵi adali atagona kale, ndipo pemphero lathu silikadachepetsa ndi mmodzi yemwe. Tikadamvedwa ife, ndiye kuti galimoto ija tinkaiopa ikadakhota pamsewu wa mudzi wina, kwa mayi wina amene mwina ola lomwelo adali atagwada pa mphasa ngati yathu, kandulo ili patsogolo, akupempha Mulungu yemweyo ndi mawu omwewo. Mayi athu sadaphunzire sukulu yopitirira Sitandade 3, koma usiku umenewo adatiphunzitsa zimene ife oŵerenga mabuku sitidaziganizepo.

Adapitiriza pemphero lawo, koma lidali litasintha. Adati, "Amayi Maria, inu mudaima pansi pa mtanda, ndipo mwana amene adafa adali wanu, sadali wa mnzanu. Mukudziŵa ndinu. Wangayu ndikumufuna, sindinganame pamaso panu. Koma kaimeni ndi amayi onse amene uthengawu ukukaŵapeza. Ukakhala kuti ukubwera kuno, mudzaime ndi ine." Atatero adatilamula kuti tinene Tikuoneni Maria kasanu ndi kaŵiri, kamodzi pa mayi aliyense, kuŵerengera ndi wa ku Tanzania yemwe. Mayi wina wa mu Mphakati adakumbutsa kuti masautso a Maria Virigo amene Mpingo umalingalira alinso asanu ndi aŵiri. Mantha sadatichoke usiku umenewo, koma kwa nthaŵi yoyamba chiyambire Lachinayi tidagona tulo.

Sitikunena kuti kupempherera mwana wako yekha ndi tchimo, ayi. Bambo Mfumu a parishi yathu, atabwera pa njinga yamoto Loŵeruka m'maŵa, tidaŵafunsa zimenezi, pakuti ena mwa ife chikumbumtima chidali chitayamba kutitsutsa. Iwo adatikumbutsa za mkulu wa asilikali wa ku Kapernao amene adapempha Yesu kuti achiritse wantchito wake, ndi za Yairo amene adagwada chifukwa cha mwana wake wamkazi. Onseŵa adapempherera a m'nyumba mwawo, ndipo Ambuye sadaŵadzudzule. Ngakhale Yesu mwini m'munda muja adapempha kuti chikho chimupitirire. Adatiuza kuti pemphero limayambira pamene pakuŵaŵa, koma likakhala loona limakula, monga muja mbewu imayambira pa phando limodzi nkudzayanga. Choopsa, adatero, ndi kuganiza kuti Mulungu akapulumutsa wathu ndiye kuti watikonda kuposa anzathu.

Masana a Loŵeruka lomwelo lamya ya mlamu wathu idalira. Adali mkulu wina wa asilikali. Mlamu wathu adalephera kuigwira, ndipo adailandira ndi malume athu. Tidaona nkhope yawo ikusintha, misozi ikutsika, koma pakamwa pakumwetulira. Mphwathu adali moyo. Chipolopolo chidamulasa pa ntchafu nkuthyola fupa, adataya magazi ambiri, koma adamunyamula pa helikopita kupita naye kuchipatala, ndipo madokotala adali atamuchita kale opaleshoni.

Atsikana a m'mudzi adayamba nthungululu, anyamata adalumpha, mwana wina adathamangira kukaimba chitini. Mayi athu adagwa chafufumimba nkupsompsona nthaka. Koma atadzuka adakweza dzanja nati, "Basi, ana inu. Thokozani Mulungu, koma chapansipansi. Kwa anzathu kuli maliro." Nthungululu zidaleka. Madzulo ake Akhristu adasonkhananso, ndipo tidathokoza ndi mtima wonse, koma ma Tikuoneni Maria asanu ndi aŵiri aja sitidaŵasiye. Titamva kuti asilikali a ku Congo nawonso adafa pa nkhondo yomweyo, mayi athu adaonjezerapo kamodzi, nati kameneko nka amayi onse amene sitidzamva maina awo.

Lamulungu pa 18 Novembala, titangotuluka mu Misa, tidamva mawu ake. Adali ofooka, ngati a munthu wolankhulira m'chitsime. Adati, "Amayi, ndine. Musalire, ndilipo." Mayi athu, amene adali atalimba masiku onse aja, apa ndiye adalira ngati kamwana. Sadathe kunena kanthu kena koma kumufunsa ngati wadya.

Tinkaganiza kuti nkhaŵa zathera pamenepo, koma amene adasamalapo munthu wovulala kunkhondo akudziŵa kuti bala la pa thupi ndi limene limayamba kupola. Patapita miyezi adafika kumudzi akuyendera ndodo ziŵiri, ataonda, chipsera chachikulu chili pa ntchafu. Ichi tidali titachikonzekera. Chimene sitidachikonzekere ndi kukhala chete kwake. Mnyamata amene ankasekesa mudzi wonse tsopano ankakhala pansi pa mtengo wa mango tsiku lonse, maso ali patali. Usiku ankabwebweta. Tsiku lina kutagunda bingu adadziponya pansi, nakokera mwana wake kunsi kwa tebulo, ndipo atazindikira adachita manyazi kwambiri. Mlamu wathu adasenza mtanda umenewu mwakachetechete, ndipo tikuvomera kuti ife abale tidachedwa kuona kulemera kwake.

Choŵaŵa kwambiri kwa mayi athu chidali chakuti ankakana kupita ku tchalitchi. Anthu abwino mtima ankamuuza kuti, "Mulungu amakukondani, taonani mmene adakupulumutsirani." Mawu ameneŵa ankamupsetsa mtima. Tsiku lina adayankha mwaukali kuti, "Nanga anzanga aja ankadana nawo? Ena mwa iwo ankapemphera kuposa ine." Tidazindikira kuti funso limene lidagwera mayi athu pa mphasa paja lidamugweranso iye, koma kuchokera mbali ina. Mayi athu adafunsa asadadziŵe kuti mwana wawo ali moyo. Iye ankafunsa chifukwa chakuti adali moyo.

Mayi athu sadamukakamize. Madzulo ena adangomuitana kuti akhale nafe pa Korona, ngakhale osayankha. Titafika pa mapemphero oonjezera aja, adafunsa kuti ameneŵa ngachiyani. Atamufotokozera, adakhala chete, kenaka adayamba kutchula maina a anzake mmodzimmodzi, dzina limodzi pa Tikuoneni Maria aliyense. Adalira usiku umenewo, ndipo adatisimbira zimene adali asadauzepo munthu: kuti atagwa m'nkhalango muja sankatha ngakhale kukwaŵa, ndipo anzake aŵiri adamukoka, wina atamugwira m'khwapa, wina akutsekereza magazi ndi lamba, zipolopolo zikudutsa pamwamba pawo. Adati, "Mulungu sindidamuone kumeneko. Ndidaona manja a anzanga." Mayi athu adayankha kuti, "Mwananga, nanga unkafuna akunyamule ndi manja a yani?"

Mu Meyi 2019 dziko lonse lidamva za manja otere. Mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, adapereka ku banja la malemu Private Chancy Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu waukulu umene bungwelo limapereka kwa osungitsa mtendere oonetsa kulimba mtima kwapadera. Chitete, msilikali wa Malaŵi, pa nkhondo yomwe ija adaona msilikali wa ku Tanzania, Corporal Ali Khamis Omary, atavulala nagwa poonekera. Adabwerera m'moto kukamukokera pobisika, ndipo akumuthandiza adaomberedwa nafa. Omary adapulumuka. Kwinakwake ku Tanzania kuli banja limene lidalandira mwana wawo wamoyo chifukwa banja lina la ku Malaŵi lidalandira bokosi. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo Ambuye adatisiyira fanizo la Msamariya amene adatsika pa bulu wake chifukwa cha mlendo wovulala. Zonse ziŵirizi tidazidziŵa kuyambira ubwana, koma mtengo wake tidaudziŵa chaka chimenecho.

Kuchira kwa mphwathu kudatenga nthaŵi, ndipo sitinganene kuti pemphero lokha ndilo lidamuchiritsa. Madokotala adagwira ntchito yawo, alangizi odziŵa za mabala a mumtima adakamba naye kangapo, ndipo anzake amene adali nawo kunkhondo ankamuyendera, nkumakambirana zimene ife sitikadazimvetsa. Zonsezi tidazilandira ngati mphatso za Mulungu. Bambo Mfumu adamubwereka buku la moyo wa Ignatius Woyera wa ku Loyola, msilikali amene mpira wa mzinga udamuphwanya mwendo ku Pamplona m'chaka cha 1521, nakhala miyezi ali gone, ndipo pa kama wa matenda pomwepo ndi pamene adayamba kumva kuitana kwa Mulungu. Ignatius adatsimphina moyo wake wonse. Mphwathu adati chimene chidamukondweretsa m'bukumo ndi chimenechi, kuti Mulungu sadauwongole mwendowo, koma adayenda naye munthuyo ali chitsimphinire.

Lamulungu lachiŵiri la Pasaka, chaka chotsatira, adaloŵa m'tchalitchi ndi ndodo imodzi. Mthenga Wabwino wa tsikulo udali wa Tomasi, amene Ambuye ouka kwa akufa adamuonetsa manja awo ndi nthiti yawo. Tidali titaumva chaka ndi chaka, koma sitidalingalirepo kuti Yesu adauka ndi mabala ake, ndipo ophunzira adamuzindikira chifukwa cha mabalawo. Tidayang'ana mphwathu atagwada movutikira, mwendo umodzi uli tambalale, ndipo tidaleka kupempha kuti abwerere monga adaliri kale. Tidayamba kumulandira monga aliri.

Pali pemphero limodzi limene mpaka lero limativuta. Mphwathu adatiuza kuti pakati pa amene ankaŵaombera padali anyamata aang'ono, ndipo nzodziŵika kuti zigaŵenga za kumeneko zimaba ana m'midzi nkuŵakakamiza kugwira mfuti. Mayi athu atamva adati nawonso ali ndi amayi awo, ndipo adafuna kuti tiŵaike m'pemphero lomaliza lija. Ena mwa ife tidakana poyamba, ndipo ngakhale tsopano mawuwo amatuluka molemera. Timaŵanenabe, osati chifukwa chakuti mitima yathu yafeŵa kotheratu, koma chifukwa Ambuye adatilamula kupempherera adani athu.

Mu Januwale 2025 wayilesi idalengezanso kuti asilikali atatu a Malaŵi aphedwa pa nkhondo yolimbana ndi gulu la M23 kufupi ndi mzinda wa Goma. Ulendo uno m'nyumba mwathu mudalibe aliyense kumeneko, ndipo tikadatha kungoti pepa nkupitiriza kupalira chimanga. Koma mayi athu, amene tsopano maso achita khungu pang'ono, adaitanitsa kandulo. Mphwathu adakwera minibasi m'maŵa mwake kupita kwa banja lina la m'boma loyandikana nalo, limene mwana wawo adali kumeneko ndipo lamya yake sinkapezeka. Sadatenge uthenga uliwonse, pakuti adalibe. Adangopita kukadikira nawo.

Abale athu mwa Khristu, mwina m'Mphakati mwanu muli nyumba imene ikudikira uthenga wotere, kapena muli msilikali amene adabwerera ali chete. Musadikire kuti maliro alengezedwe ndipo mudzapite. Pitani lero, ndi mtolo wa nkhuni kapena chimanjamanja. Musatumize zithunzi ndi mphekesera zimene simudazitsimikize. Musafulumire kuuza wopulumuka kuti Mulungu adamukondera, ndipo musaiŵale mkazi wake amene amadzuka naye usiku. Mukamagwada kupempherera mwana wanu, mupemphereni ndi mtima wonse, pakuti ndi Mulungu amene adaika chikondi chimenecho mwa inu. Mukatha, onjezanipo Tikuoneni Maria mmodzi chifukwa cha mayi wina amene simukumudziŵa. Maria Woyera, Mfumukazi ya Mtendere, apempherere asilikali athu, ovulala, amasiye, ndi anthu a kummaŵa kwa Congo amene aona nkhondo zaka zambiri.